Mukavulala muli kunja pa ntchito yodzipereka: zochita mpaka mutachira

Munthu amene wawoloka malire kukathandiza anzake akavulala amachita manyazi. Amakumbukira ndalama zimene mpingo unasonkha kuti akwere basi, amayang'ana anthu amene anabwera kudzawathandiza ali pa mavuto oposa ake, ndiye amamanga chitenje pa bondo n'kunena kuti "ndi pang'ono chabe." Manyazi amenewa ndi amene amapundula anthu. Ndikulembera inu a kuno ku Chipata, a ku Katete, Chadiza, Lundazi ndi Petauke amene mumapita ku Malawi kapena ku Mozambique kukamanga, kukaphunzitsa ndi kukasamalira odwala popanda malipiro, kuti tsoka likakugwerani mudziwe poyambira.

Ine ndine kalipentala wa ku Kapata. Namondwe wa Freddy atasakaza kumwera kwa Malawi mu Marichi 2023 n'kupha anthu oposa 1,000, ndinali m'gulu la mpingo wathu limene linapita chakumeneko ku Phalombe kukakhoma madenga mvula itatha. Thabwa limene ndinapondapo linathyoka, ndipo ine ndinathyoka fupa laling'ono la kunja kwa kakolo. Si ine dokotala. Zimene ndikulemba ndi zimene anandiphunzitsa a chipatala a mbali zonse ziwiri za malire, kuphatikizapo zimene ndinaona ndili chigonere pa mphasa ya eni ake.

Tsiku lomwelo

Siyani ntchito nthawi yomweyo, ndipo muuze mtsogoleri wa gulu lanu pamodzi ndi amene anakulandirani, kaya ndi abusa, a mfumu kapena a komiti. Musadikire kuti muone m'mawa. Eni dera ndi amene amadziwa chipatala chimene chili ndi makina ojambulira mafupa, njira imene mlatho wake sunakokoloke, ndi munthu amene ali ndi galimoto.

Pali zovulala zina zosafuna kukambirana. Ngati munthu wagunda mutu ndipo akusanza, akuwodzera kapena akulankhula zosokonekera, thamangani naye kuchipatala. Ngati wagwa kuchokera pamwamba ndipo akumva kuwawa khosi kapena msana, musamunyamule m'manja kapena kumubereka. Mugonekeni pa chitseko kapena pa thabwa lalikulu, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Fupa likatulukira panja, phimbani ndi nsalu yoyera, musalikankhire mkati. Magazi akamatuluka kwambiri, dinikizani pa bala ndi nsalu osachotsachotsa kuti muone ngati aleka. Mwendo kapena mkono umene wapindika mosayenera umangirireni ku kathabwa kapena ku katoni yopinda ndi chitenje mmene ulili, osaukoka.

Zovuta kuzindikira ndi za pa kakolo ndi pa bondo, chifukwa kubinya ndi kuthyoka kumatupa mofanana. A chipatala anandiuza kuti ngati munthu sangathe kuponda n'kuyenda mapazi anayi, kapena ngati akumva kuwawa pamene mwadina pa fupa penipeni, afunika kujambulidwa. Dziwaninso kuti ena amayenda ndithu fupa lili lothyoka, makamaka laling'ono ngati langa lija, choncho kukwanitsa kuyenda motsimphina si umboni wakuti zili bwino.

Pa masiku awiri kapena atatu oyamba, malo otupa amafuna kuzizira. Apa ndi pamene mudzasemphana ndi amayi okukondani, chifukwa kwathu kuno ndi ku Malawi komwe tinazolowera kuthowa ndi madzi otentha. Akaneni mwaulemu. Kutentha ndi kutikita masiku oyambawa kumawonjezera kutupa, ndipo ngati fupa lathyoka, kutikita kungalisunthe. Kumudzi kopanda magetsi, nyikani nsalu m'madzi a pa mjigo otunga m'mamawa, kapena tumani mwana akagule maayisi a m'timapulasitiki pa msika, muwakulunge m'nsalu ndi kuika pa chotupa mphindi 15 kapena 20, kangapo pa tsiku. Mwendo ukhale pamwamba kuposa chifuwa mukagona. Thumba la chimanga lokhala ndi bulangete pamwamba limagwira ntchito imeneyi bwino. Musalole kutemedwa mphini pa chotupa, chifukwa mukhala mwatsegulira majeremusi njira pamalo pamene mawa pangafunike opaleshoni kapena chikhakha.

Pa ntchito yomanga, msomali ndi lata ndi zimene zimatipweteka kawirikawiri. Tsukani bala ndi madzi ambiri oyera ndi sopo, musathirepo phulusa, dothi, mafuta a galimoto kapena mankhwala otsukira mano. Kenako pitani mukafunse za katemera wa kafumbata. Ndikunena izi makamaka kwa amuna anzanga. Azimayi amalandira katemerayu akapita ku sikelo ali oyembekezera, koma ambiri mwa ife abambo tinabayidwa komaliza tili makanda. Majeremusi a kafumbata amakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo bala lakuya lauve limafuna katemera wina ngati papita zaka zoposa 5 chibayidwireni. Galu akakulumani, tsukani ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 zathunthu, ndipo tsiku lomwelo mukafunse katemera wa chiwewe, ngakhale mwini galu alumbire kuti galu wake ndi wabwino.

Kuchipatala cha eni ake

Musapite nokha, ndipo amene akukuperekezani akhale mwini dera. Ife a Kum'mawa tili ndi mwayi kuti ku Malawi timamvana chilankhulo, ngakhale m'madera a Tete monga Angónia Chinyanja chimayenda. Komabe mwini dera amadziwa khomo loyambira ndi poima. Ku Malawi mudzafunika kabuku ka kuchipatala kamene dokotala amalembamo zonse. Gulani, ndipo kasachoke m'manja mwanu. M'zipatala za maboma kumeneko, mafupa ambiri othyoka amawasamalira ndi makiliniko ofisala ophunzira za mafupa, ndipo ntchito yawo amaidziwa. Zikakula amatumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Zipatala za mishoni zimalipiritsa, choncho funsani mtengo musanagonekedwe, ndipo nenani poyera kuti ndinu a ku Zambia. Musabise kwanu kapena kubwereka dzina la munthu wina pofuna kupeputsa zinthu, chifukwa mapepala okhala ndi dzina lolakwika sadzakuthandizani mukabwerera kuno.

Uzani dokotala mankhwala onse amene mumamwa. Ngati muli pa ma ARV, pa mankhwala a BP kapena a shuga, nenani, ndipo werengani mapilitsi amene atsala, chifukwa munanyamula okwanira ulendo waufupi ndipo tsopano ulendo watalika. Musadumphitse tsiku; chipatala cha kumeneko chingakuthandizeni ngati muwaonetsa khadi lanu kapena botolo. Odwala shuga adziwe kuti bala lawo limachedwa kupola ndipo lifunika kuonedwa pafupipafupi.

Musanatuluke pa chipata, onetsetsani kuti mwadziwa dzina la fupa limene lathyoka kapena chimene chavulala, tsiku lobwereranso, ngati mukuloledwa kuponda kapena ayi, ndi ngati mungayende ulendo wautali. Zonsezi zilembedwe. Chithunzi cha X-ray chiikeni pa windo pamene pali kuwala, muchijambule ndi foni, mutumize pa WhatsApp kwa munthu wa kwanu kuti chisungike. Jambulaninso masamba a kabuku kaja ndi malisiti onse. Ku Mozambique mapepala amakhala m'Chipwitikizi, ndiye chithunzi cha fupa ndi chimene dokotala wa ku Chipata adzawerenge mosavuta. Ngati munavulala pa ngozi ya pamsewu, tengani lipoti la apolisi musanachoke m'dzikomo, chifukwa a inshuwalansi amalifuna ndipo kulitsata muli kuno n'kovuta.

Za ndalama ndinene mwachidule. Khadi la NHIMA limagwira m'zipatala zovomerezeka za muno m'Zambia, choncho musalidalire kunja. Funsani mtsogoleri ngati gulu linakonza inshuwalansi ya paulendo kapena thumba la ngozi, ndipo ngati ilipo inshuwalansi, aimbireni tsiku lomwelo. Polemba zimene mwawononga, sonyezani ngati ndi kwacha ya Malawi kapena ya Zambia, kuopa kudzakangana ndi msungichuma pa manambala amene akuoneka aakulu.

Chikhakha ndi zizindikiro zoopsa

Chikhakha chisanyowe. Posamba vekani pulasitiki, mangani kumwamba, khalani pa mpando mwendo uli pa mpando wina. Mkati mukamayabwa musalowetsemo waya kapena kamtengo, chifukwa mukadzikanda bala simudzaliona mpaka litanunkha. Zala zizigwedezeka tsiku lonse.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka mubwerere kuchipatala ngakhale pakati pa usiku: ululu umene ukukulirakulira osamva mankhwala, zala kuchita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, ndi kumva ngati chikhakha chikukufinyani. Zikatero ndiye kuti magazi sakuyenda bwino, ndipo kuchedwa kwa maola ochepa kungawononge mwendo. China ndi kutupa ndi kuwawa kwa katumba wa kumbuyo kwa mwendo, kapena kubanika ndi kuwawa pachifuwa mwadzidzidzi. Magazi amatha kuundana m'mitsempha ya munthu amene wakhala osayenda. Bala likatentha, likamatuluka mafinya kapena fungo, pitani. Thupi likatentha musangoganiza kuti ndi bala, kayezetseni malungo, pakuti munthu wogona tsiku lonse pa khonde udzudzu umamupeza mosavuta. Gonani m'neti.

Panado wa 500 mg munthu wamkulu amamwa awiri nthawi imodzi, osapitirira 8 pa tsiku lonse. Brufen amwedwe mutadya, ndipo si wa anthu a zilonda za m'mimba, a vuto la impso kapena amayi oyembekezera. Musamuphatikize ndi Diclofenac wogula pa okala. Mankhwala opha majeremusi akakupatsani, malizani monga anakuuzirani.

Kukhala mlendo wodwala

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa mabuku a zaumoyo sanenapo kanthu. Munabwera ndi hamala kudzamangira anthu, tsopano anthu omwewo, amene ena anaika maliro a abale awo miyezi yochepa yapitayo, akukutungirani madzi ndi kukuphikirani phala. Mtima umawawa. Ine amayi a nyumba imene ndinkagona, amene ankandiitana kuti "mwana wanga wa ku Zambia" ngakhale imvi zanga zinali zitayamba, anandiuza kuti ndikakana chisamaliro chawo ndiye kuti ndawayesa anthu ongolandira. Mawu amenewa anandikhazika pansi. Munthu amene wathandizidwa amafunanso kupatsidwa mpata wothandiza, ndipo mukamukaniza mwamuchotsera ulemu.

Landirani, koma musaiwale kuti nkhokwe yawo ili ndi malire. Mlendo ndi mame, ndipo mlendo amene wachedwa kunyamuka ayenera kuganizira za ufa. Musapereke ndalama m'manja ngati mukulipira lendi, chifukwa ambiri amakhumudwa nazo. Tumani mnzanu wa m'gulu akagule ufa, sopo, mchere, mafuta ndi usipa, n'kuzipereka ngati za pa nyumba ponse. Kapena dzerani kwa abusa kuti iwo ndiwo apereke. Mwana amene amakutungirani madzi mugulireni makope.

Nkhani ya chimbudzi musaichitire manyazi. Munthu wa chikhakha sangathe kunjuta pa chimbudzi chokumba, ndipo ambiri amagwera kumeneko n'kuvulala kachiwiri. Pemphani mpando wakale wathabwa, wina aboole pakati, auike pa dzenje. Akhomenso mtengo wogwirira m'mbali mwa khoma. Usiku khalani ndi chidebe pafupi ndi tochi kumutu. Mwamuna athandizidwe ndi mwamuna mnzake wa m'gulu, mayi ndi mayi mnzake, ndipo zimenezi mtsogoleri azikonze yekha osadikira kuti wodwala apemphe.

Ndodo zoyendera zikhale za msinkhu wanu. Pamwamba pake pasagunde m'khwapa. Pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo thupi lilemere m'manja. Mukamatsamira ndi khwapa mkono umachita dzanzi. Ngati zili zopala kumudzi, khomerani chidutswa cha tayala kunsi kuti zisaterere.

Kunyumba imbani nokha, tsiku loyamba, mawu anu amveke. Nkhani ya pa WhatsApp ikadutsa m'magulu atatu, kakolo wothyoka amasanduka mwendo wodulidwa. Ine ndinayamba kuuza amake ana, kenako iwo anauza amayi anga mwa njira yawo. Gulani SIM ya kumeneko, ku Malawi ya Airtel kapena TNM, imene amalembetsa ndi pasipoti, kuti kulankhulana kusadalire foni ya munthu wina.

Masana amatalika anzanu onse akapita ku ntchito. Pezani chochita chokhala pansi, dokotala akalola. Ine anandiika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, mwendo uli pa ndowa, ndikunola masowo, kuwerengera misomali ndi malata, ndi kulangiza anyamata awiri a pamudzipo kadulidwe ka mitengo ya denga. Mphunzitsi angathandize ana kuwerenga madzulo, namwino angalembe kaundula. Koma samalani: ntchito ya pa mpando isakukokereni pa makwerero. Anzanu akamati "bwerani mungotigwirira apa," yankho ndi lakuti ayi. Ndipo ngati tulo sitikubwera, mukulota kugwa, kapena mukungolira osadziwa chifukwa, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Amene aona malo a ngozi zazikulu amanyamula zambiri mumtima, ndipo kugona chigonere kumazitulutsa.

Idyani bwino. Fupa ndi mnofu zimamangidwa ndi nyemba, nshawa, mazira, mkaka ndi nsomba zing'onozing'ono zodya ndi minga yomwe monga kapenta, usipa ndi matemba. Onjezerani chibwabwa, bondwe ndi zipatso za nyengoyo. Fodya amachedwetsa fupa kulumikizana, ndipo mowa umagwetsa munthu wa ndodo.

Kukhala kapena kubwerera

Funso limeneli musaliyankhe ndi mtima. Ngati n'kubinya kapena bala losokedwa, ndipo chipatala chili pafupi, mukhoza kukhala mpaka gulu litamaliza. Ngati fupa lathyoka, ngati pakufunika opaleshoni imene ingadikire, kapena ngati gulu likunyamuka inu n'kutsala nokha, bwererani kwanu dokotala akangolola ulendo. Mafupa ambiri a munthu wamkulu amafuna masabata 6 mpaka 8, ndipo fupa lalikulu la msongolo limatenga miyezi. Nthawi yotere ndi yaitali pa nyumba ya eni.

Yang'anani chidindo cha m'pasipoti. Masiku amene anakupatsani pa malire sadziwa kuti mwavulala. Asanathe, tengani kalata ya dokotala mupite, kapena mutume mtsogoleri, ku ofesi ya Immigration kukapempha owonjezera. Zikavuta kwambiri, monga pasipoti kutayika pa ngozi, ofesi ya kazembe wa Zambia ili ku Lilongwe.

Ulendo wochokera kumwera kwa Malawi ndi wautali: makilomita oposa 300 kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe, ndi ena oposa 100 kufika ku Mchinji. Ugaweni pawiri, mugone ku Lilongwe. Lipirani mipando iwiri kuti mwendo uwongoke, kapena pemphani mpando wa kutsogolo. Basi ikaima tsikani muwongole thupi, imwani madzi ngakhale mukuopa za chimbudzi, ndipo zala zizisewera njira yonse. Musakwere kabaza kapena njinga yamoto muli ndi chikhakha. Pa Mwami, kuyambira kumapeto kwa 2022, amadinda za mayiko onse awiri pamalo amodzi, ndiye kuyenda kunachepa, koma konzani kuti wina akuchingamireni ndi galimoto pomwepo. Amene mukuchokera kutali pa ndege, uzani kampani ya ndege musanafike pa bwalo, chifukwa chikhakha chongoikidwa kumene ambiri salola mpaka patapita tsiku limodzi kapena awiri, pokhapokha chitang'ambidwa m'mbali kuti mwendo upeze potupira.

Musanyamuke osatsanzika. Ngati simungathe kuyenda kupita kwa a mfumu ndi kwa abusa, tumani mawu kuti mukupempha njira.

Mukafika kwathu

Musadikire kuti mupume kaye sabata. Tengani kabuku kaja, zithunzi ndi kalata, mupite ku Chipata Central Hospital kapena ku chipatala chimene chili pafupi nanu. A ku Katete ndi olowera pa Chanida ali ndi St Francis, a chakumalire ali ndi Mwami Adventist. Dokotala wa kuno ayambire pamene wa uko analekezera. Chikhakha musachotse nokha ndi sowo kapena kuchinyika m'madzi chifukwa ululu watha. Ululu umatha fupa lisanalimbe.

Tsiku lochotsa chikhakha mudzadabwa. Mwendo umatuluka wowonda, khungu likusupuka, kakolo ali gwa osapinda. Musaope, koma apa ndi pamene ntchito yeniyeni imayambira, ndipo ambiri amalekera pomwepa n'kutsimphina moyo wonse. Pemphani kuti akutumizeni ku mafizo, kumene amaphunzitsa kuwongola ndi kulimbitsa ziwalo, ndipo zimene akuphunzitsani muzichite kunyumba tsiku lililonse. Ine anandiuza kuzunguza phazi ngati ndikulemba zilembo m'mwamba, kukoka zala ndi thaulo nditakhala pansi, kenako kuimirira ndi zala nditagwira khoma, ndipo pomaliza kuima ndi mwendo umodzi. Tsopano madzi ofunda aja a amayi ali ndi malo ake, musanayambe kuwongola. Kutupa madzulo kumapitirira miyezi ingapo. Kwezani mwendo mukaweruka.

Yambani kuyenda pamalo osalala, ndi nsapato zomanga, osati mapatapata. Njira za miyala za m'mapiri athu a Chipata zidikire. Njinga yopalasa pa msewu wopanda chitunda imathandiza bondo ndi kakolo, koma musayambe ndi thumba la makala kumbuyo. Abale ndi a mpingo akabwera kudzakuonani adzabwera ndi malangizo ambiri ndi mankhwala ambiri; thokozani, koma funsani a chipatala musanamwe kapena kupaka chilichonse.

Kwa amisiri anzanga, makwerero ndi denga zibwere pomalizira. Muyezo umene anandipatsa ndi uwu: muthe kuima ndi mwendo wovulalawo wokha kwa theka la mphindi osagwedezeka, muthe kunjuta n'kudzuka osagwira kanthu, ndipo muthe kutsika masitepe osamva kubaya. Chimodzi chikakanika, gwirani za pa benchi, zitseko ndi mafelemu, ndipo padenga mutumize wachinyamata.